Diresi Lofiira la kwa Ba Justina

Komboni ya George, Lusaka
24 Febuluwale 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikupereka moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mlongo wanga Emelda? Ine ndili bwino. Amalume Jameson alinso bwino, kungoti amabwera ku fakitale atatopa, ndiye sitilankhulana kwenikweni. Sukulu tatsegulira mochedwa chifukwa cha kolera, koma tsopano tayamba.

Mundiuze za mvula. Kuno akuti kwathu chimanga chapserera chisanamasule. Ngati mtedza wa chaka chatha ulipo, munditumizireko pang'ono kudzera mwa kondakitala wa basi amene wabweretsa kalatayi.

Ntchito yanga ya m'mawa ndi kutunga madzi pa kiyosiki, pampopi wolipira. Mzere umatalika, ndipo popeza ndilibe wocheza naye, ndimangoyang'ana. Moyang'anana ndi kiyosikiyo pali nyumba ya mayi Justina akwathu aja, kuno timati Ba Justina. Akweza mpanda, pamwamba aikapo mabotolo osweka. M'katimo mumakhala atsikana olankhula ngati ife. Amatuluka awiriawiri kudzatunga, ndipo sayankha moni.

Loweruka kumabwera bambo wojambula zithunzi. Geti likatseguka ndimaona nsalu yoyera itapachikidwa pakhoma, mtsikana ataima patsogolo pake, tsitsi atamuluka, atavala diresi lofiira la mabatani owala. Diresilo ndi limodzi lomwelo, Amayi. Wamtali limamulekeza m'mawondo, wowonda amalimanga ndi pini kumsana. Ndipo amene walivala, pakapita masiku ochepa sindimuonanso pa mzere. Kumabwera wina.

Mwina ndi za saluni imene akuti ali nayo, sindikudziwa. Dzulo Ba Justina anandipeza ndikuyang'ana, anati, "Iwe Moven, mwana wa malemu, uyangana chani? Niyenda ku Katete, nizabapasa moni ba mai bako. Mlongo wako uja wakula manje, ai?" Ndinati inde. Anandisisita kumutu ngati kamwana.

Ine mwana wanu,
Moven

Mudzi wa Kambalame, Katete
10 Malichi 2024

Mwana wanga Moven,

Moni wako tamulandira. Wolemba ndi Emelda monga mwa nthawi zonse, koma mawu ndi anga. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Amalume ako uwauze kuti mlongo wawo akudikira mawu awo.

Chimanga chauma chili chiimire. Chaka chino m'nkhokwe mulowa mphepo yokha. Mtedza ndakutumizira wochepa, usadye wekha.

Koma Mulungu saiwala amasiye. Mayi Justina anabwera ndi galimoto mpaka pakhomo. Anatipatsa shuga, sopo, chitenje changa, ndi foni imene akusunga Emelda, poti ine mabataniwo sindiwadziwa. Anakhala pamphasa, anadya nafe mfutso osanyansidwa. Moven, usamayang'anitse pakhomo pa akulu. Waiwala kodi? Atamwalira bambo ako ku Lusakako, ife tinalibe chowanyamulira. Mayi ameneyu anapereka galimoto lake, bokosi linafika kuno, bambo ako anagona pafupi ndi amayi awo. Sanatifunse kanthu mpaka lero.

Tsopano apempha Emelda. Akuti azikathandiza mu saluni masana, madzulo azikaphunzira, ndipo akaoneka wochangamuka adzamupezera ntchito mu hotela kunja kwa dziko. Ine ndati mwini mbumba ndi mchimwene wanga Jameson, mawu omaliza ndi ake. Mayi Justina anati analankhula naye kale, wavomera. Adzamutenga Pasaka ikapita.

Ndine mayi ako.

Iwe Moven, ndine Emelda tsopano. Ndikubwera m'tauni! Udzandionetse nyumba zazitali zija. Ndipo uleke kuwerenga madiresi a eni ake, anthu adzati ukufuna kukwatira.

George, Lusaka
18 Malichi 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Mtedza wafika, zikomo. Chifuwa chinatha. Kodi mwendo wanu uli bwanji?

Amayi, mumve bwino zimene ndilembe pano. Musamulole Emelda.

Panali mtsikana wina, Maggie, wochokera ku Petauke. Iye yekha ndiye anandiyankhapo moni, tsiku limene ndinamusenzetsa chigubu. Anandiuza kuti akupita kukagwira ntchito mu hotela kunja, ndipo akangofika adzatumizira amayi ake malata a nyumba. Mawu ake anali omwewo amene mwauzidwa inuwo. Anavala diresi lofiira Khirisimasi isanafike. Sindinamuonenso.

Mlungu wathawu amayi ake anabwera. Anakhala pansi pa geti kuyambira m'mawa, kathumba kali pamiyendo. Akuti chichokereni mwana sanaimbe foni, sanatumize mawu. Ba Justina anatuluka ndi tiyi ndi buledi pa thireyi, anagwada powapatsa. Anati Maggie anathawa ndi mwamuna woyendetsa thiraki, iwonso akumufunafuna, ndipo analira. Mayi uja anamwa tiyiyo, anathokoza, anapepesa chifukwa cha mwana wopanda mwambo. Anamukweza minibasi. Azimayi a pa kiyosiki anangoyang'ana zidebe zawo. Mmodzi anati chapansipansi, "Uyu ni wachitatu."

Ndawauza amalume. Anati, "Ukugona m'nyumba ya yani?" Ntchito ya ku fakitale anawapezera ndi mchimwene wa Ba Justina, ndiye nkhaniyi safuna kuimva.

Aphunzitsi anga, Ba Mukupa, anatiphunzitsa kuti pali anthu ogulitsa anzawo. Amawatenga ndi malonjezo, akawawolotsa malire amawalanda mapepala, nkuwatsekera m'nyumba za eni ake kapena m'malo oipa. Anati kawirikawiri wochita zimenezi si mlendo, ndi munthu amene makolo amamuyalira mphasa.

Sindinaiwale za bokosi la atate. Koma Amayi, mukane. Munene kuti Emelda akudwala, kapena kuti mukumufuna kudimba. Ndikupemphani.

Ine mwana wanu,
Moven

Mudzi wa Kambalame, Katete
2 Epulo 2024

Mwana wanga Moven,

Moni wa Pasaka. Kodi unapita kutchalitchi? Mwendo ukupepuka.

Kalata yako Emelda wandiwerengera. Inali yaifupi, koma mtima wanga wakhala pansi pomva kuti wakondwa kuti mlongo wako akubwera, ndi kuti aphunzitsi ako akuwadziwa anthu otere othandiza ana. Ndinkaopa kuti uchita nsanje. Udzakhale maso ake kumeneko, poti nyumbayo ili pafupi.

Ndagulitsa nkhuku ziwiri, ndamugulira nsapato. Ndamulangiza kuti akawalemekeze mayi Justina ngati ine amene, asakawayankhe, asakafunse zambiri. Ngati amalume ako angapeze kachikwama kakale, atumize.

Ndine mayi ako.

Moven, za Maggie zija ndi za tiyi zija sindinawawerengere Amayi, ndipo sindiwawerengera. Ukufuna adwale ndi maganizo? Iwe uli pa desiki, uli ndi nsapato za sukulu. Ine ndinalekera Giredi 8 kuti iwe upitirize, ndipo sindinadandaule. Tsopano tikudya kamodzi patsiku. Mwamuna wa mayi Phiri, wogula fodya uja, wayamba kufunsa za ine, ndipo ali ndi akazi awiri kale. Ukuti ndikhale kuno ndidikire chiyani? Mtsikana mmodzi akathawa ndi wa thiraki ndiye kuti tonse tidzathawa? Ukaimbanso pa foni ya aphunzitsi ako ndidzakuuzanso kuti Amayi ali kudimba. Undisiye ndiyese mwayi wanga.

George, Lusaka
8 Epulo 2024

Kwa a Yamikani, mkulu wa mpingo,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ndikhulupirira kuti inu ndi apabanja muli bwino. Ndine Moven, mwana wa malemu amene munawayendetsera mwambo wa maliro, mdzukulu wa kwa Kambalame. Mundikhululukire polembera munthu wamkulu ngati inu.

Amayi anga sadziwa kuwerenga. Makalata onse amawawerengera ndi mlongo wanga Emelda, wa zaka 15, ndipo wayamba kudumpha mawu. Foni ya pakhomo ilinso m'manja mwake. Ndilibe njira ina yofikira khutu la Amayi.

Mayi Justina a ku Lusaka akufuna kumutenga Emelda. Ine ndimaona pakhomo pawo tsiku ndi tsiku. Atsikana amalowa, amajambulidwa, kenako amasowa, ndipo makolo awo amabwera kudzalira pa geti. Ndalembanso zonse pa pepala lina limene ndaika m'katimu. Chonde mupite mukawawerengere Amayi, osadumpha liwu ngakhale limodzi, Emelda asanachoke. Tsiku lenileni sindikulidziwa, koma Ba Justina atsukitsa galimoto ndipo agula matayala atsopano.

Musadikire, bambo.

Ine,
Moven

Kambalame, Katete
23 Epulo 2024

Mwana wathu Moven,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yako inandipeza, ngakhale inagona masiku pa golosale ya pamsewu.

Ndikuuze monga zinayendera. Nditaiwerenga ndinavutika mumtima. Koma ukudziwa mwambo wathu: mwamuna wapadera salowa m'nyumba ya mayi wamasiye ndi nkhani ya ana, kudumpha mwini mbumba. Ndinaimbira amalume ako. Anati, "Mnyamatayo ndi wa yekhayekha, amaganiza zambiri, akuchitira nsanje mlongo wake. Nkhaniyi ndaimaliza ine." Ndinati ndidikire Lamlungu, ndikambirane ndi akulu anzanga tikaweruka, kuti tipite awiri monga kuyenera.

Tinapita dzulo Lolemba. Tinapeza amayi ako akusesa okha. Galimoto linabwera Loweruka, Emelda anapita.

Ndinawawerengera pepala lako lonse. Nditafika pa mayi wa ku Petauke womwa tiyi pa geti, anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anatenga makalata ako akale m'chitini, anati ndiwerengenso imene Emelda anawawerengera mwachidule ija. Itatha sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye kuti ndamugulira nsapato zopitira kumeneko?"

Tayesa foni ya Emelda, siikulowa. Ya mayi Justina inalowa, anayankha mokoma kuti mwana wafika bwino, wagona, watopa ndi ulendo.

Amayi ako akuti upite ukamuone ndi maso ako, utiuze. Nambala yanga ndailemba kuseri kwa pepalali. Kuyambira lero makalata ako ndiziwerenga ine.

Ine,
Yamikani

George, Lusaka
28 Epulo 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Kodi mukudya? A Yamikani auza Ba Mukupa pa foni kuti simukudya. Idyani, mufunika mphamvu za ulendo.

Emelda ndamuona. Ali moyo, akadali m'nyumba muja. Masiku oyamba sanamutulutse. Dzana anabwera pa kiyosiki ndi mtsikana wina wamkulu amene amamulondera. Ndinaima kumbuyo kwake pa mzere ngati sindikumudziwa. Winayo atapita kukalipira, Emelda anayankhula osatembenuka.

Anati, "Foni andilanda. Saluni sindinaione."

Ndinati, "Tiye tithawe pompano."

Anati, "Ndipite kuti? Amalume adzandibweza. Ba Justina akuti ndikathawa adzauza Amayi kuti ndaba." Kenako anati, "Moven, andiuza kuti ndiziti ndine Chipo, wa zaka 19, makolo anamwalira onse. Amandifunsa m'mawa uliwonse, ndikalakwitsa sindimwa tiyi. Bwanji akufuna kuti Amayi akhale akufa?"

Ndinafunsa za diresi. Anati amuyesa kale, ndi lalikulu, adzamujambula Loweruka la pa 4 Meyi.

Ine ndi Ba Mukupa tinapita kupolisi. Amene tinamupeza pa tebulo anamvetsera, kenako anati kwa ine, "Iwe mwaiche, kamwana iwe, ba malume bavomela, ba mai bavomela, iye mwine anakwela motoka. Manje mulandu uli pati? Leta ba mai bako bakambe beka." Ba Mukupa anamuuza kuti lamulo silinena choncho, kuti kuvomera kwa makolo onamizidwa sikuchotsa mlandu. Wapolisiyo anati galimoto la polisi palibe, ndipo sangathyole geti la munthu chifukwa cha mwana wa sukulu ndi diresi.

Ndiye zatsala kwa inu, Amayi. Mawu anga ndi aang'ono, a amalume ndi otsekedwa. Ba Mukupa atumiza ndalama za basi kwa a Yamikani. Mukwere Lachisanu. Ndidzakudikirani pa siteshoni.

Chinthu chimodzi chokha. Ba Justina akadzatuluka ndi tiyi, musadzamwe.

Ine mwana wanu,
Moven

George, Lusaka
9 Meyi 2024

Kwa a Yamikani,

Moni bambo. Muli bwanji, ndi mpingo wonse? Kalatayi yabwera ndi Amayi. Emelda ali nawo. Mukamuona musamufunse zambiri, sakuyankhula kwenikweni.

Amayi anafika Lachisanu. Amalume anawalandira ndi ukali, anati mwini mbumba ndi iwo, ndipo Amayi awachititsa manyazi. Amayi anati, "Achimwene, mbumba mukunenayo ndinaibereka ndine."

Loweruka m'mawa tinapita. Wojambula anali atalowa kale. Amayi anakhala pansi pa geti, pamalo omwe aja anakhala mayi wa ku Petauke. Ba Justina anatuluka akumwetulira, thireyi ili m'manja.

"Mai bake Emelda! Mwabwela osatiuza? Imwani tiyi, mwana ali ku saluni, azabwela mazulo."

Anagwada, anatambasula kapu. Amayi manja ali pamiyendo. Inu mukuwadziwa Amayi, sanakanepo ngakhale madzi a munthu. Kapu inangokhala m'malere. Pa kiyosiki mpopi unkangothira pansi, palibe amene anasuntha chidebe.

Ba Justina anasiya chinyanja cha m'tauni, anayankhula chakwathu. "Mwaiwala amene ananyamula amuna anu?"

Amayi anati, "Sindinaiwale. Munandinyamulira wakufa, ndinathokoza. Wamoyoyu ndinyamula ndekha."

Kenako anaimirira nkuyamba kuitana, mmene amaitanira kudimba. "Emelda! Emelda mwana wanga! Ndine mayi ako, sindinafe!" Azimayi a pa kiyosiki anabwera, mmodzimmodzi kenako onse. Wina anayamba kumenya geti ndi chigubu. Ba Mukupa anafika ndi wapolisi wamkazi amene anavomera kuyenda wapansi.

Geti linatseguka. Emelda anatuluka atavala diresi lofiira, pini ili kumsana, milomo atamupaka. Amayi anavula chitenje chawo, chija anapatsidwa ndi Ba Justina, azimayi anachigwira mozungulira, ndipo Emelda anavulira momwemo nkuvala zovala zimene Amayi anabwera nazo. Diresi ndi chitenje Amayi anazipachika pa geti.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa.

M'nyumbamo munali atsikana ena atatu. Atafunsidwa, aliyense anati Ba Justina ndi azakhali ake, makolo anamwalira, ali ndi zaka 19. Ba Justina anatengedwa ndi apolisi, koma dzuwa lisanalowe anali atabwerera. Akuti akufufuza. Lolemba m'mawa atsikana atatuwo sanabwere pa mzere, ndipo mpaka lero sindinawaone. Diresi linachotsedwa pa geti. Dzulo linali pa chingwe, atalichapa.

Amalume awachotsa ntchito. Andiuza kuti ndipeze kokhala. Pakali pano ndikugona m'kachipinda kosungira makala kwa Ba Mukupa.

Ku sukulu tikulemba kalata yopita kwa phungu wa dera lino. Tikupempha kuti lamulo lilimbe: wonyamula mwana wa wina aziimitsidwa pamsewu nkufunsidwa payekha, mwananso payekha, mwana wa sukulu akakanena, apolisi azipita osadikira kholo, ndipo woganiziridwa mlandu wotere asamabwerere kunyumba kumene kuli mboni zake tsiku lomwelo. Ba Mukupa akuti makalata otere amachedwa kuyankhidwa. Tilembabe. Ine ndalembamo dzina la Maggie.

Koma chimene ndakulemberani ndi ichi. Kuno kwachitika maliro. Bambo wina wa kwa Chikoleka, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje wathu, wamwalira dzana, anali mlonda. Abale ake alibe chonyamulira. Lero m'mawa ndaona galimoto la Ba Justina lili pa nyumba ya siwa, akumangirira bokosi. Eni ake ali pakati pa azimayi, avala chitenje chija, akuyambitsa nyimbo. Anthu akuti, mayi uyu ali ndi mtima, ngakhale amunamizira, sanaleke kuthandiza.

Atandiona anandikodola. Anati, "Moven, ubapase moni ba mai bako."

Pa kiyosiki ndamva kuti malemuyo asiya ana aakazi awiri kumudzi, wamkulu ndi msinkhu wa Emelda. Galimoto linyamuka mawa, limodzi ndi basi ya Amayi.

Bambo, kwa Chikoleka si mbumba yanu, ndikudziwa. Mupite basi. Mutenge Amayi, akanene okha. Musadikire Lamlungu.

Ine,
Moven